Mamita awiri akutsutsana pa batire limodzi: kodi ndipotoze kasikulu ka m'kati?

Funso lachokera kwa mbale wina wa ku Chinamwali amene amakonza mawailesi, matchaja ndi zipangizo za sola akaweruka kuntchito. Ali ndi ma multimeter (mamita oyezera magetsi) awiri: yachikasu ya DT830 imene anagula pa okala mumsika wa Zomba, ndi ina yakale imene alamu awo anawabweretsera kuchokera ku Johannesburg. Pa batire la sola lomwelomwelo, yachikasu ikuonetsa 12.9V, inayo 12.4V. Atatsegula yachikasuyo apeza kachinthu kokhala ndi mutu wa sikulu pa bolodi, ndiye akufunsa ngati angakapotoze mpaka mamitawo agwirizane. Akudandaulanso kuti inveta yawo yolembedwa 230V ikuonetsa 180V yokha pa mamita onse awiri.

Achimwene, kasikuluko kasiyeni kaye. Mukakapotoza lero mamita anu agwirizanadi, koma mavolti enieni a batire lanu mudzakhala musakuwadziwabe. Pakali pano chimene mukudziwa n'chakuti imodzi ikunama, mwinanso onse awiri. Palibe chakuuzani kuti ya ku Johannesburg ndiyo yoona, kupatula kuti ndi yolemera m'manja ndipo inachokera kutali. Wogulitsa nandolo akaona kuti sikelo ya vendala ndi ya mnzake zasiyana, sawongola imodzi kuti ifanane ndi inzake. Amafuna mwala wa kilo wodindidwa, n'kuuika pa zonse ziwiri. Inunso mukusowa mwala woterowo wa magetsi. Koma tisanafike kumeneko, mita iyenera kuyamba yachira, chifukwa mamita ambiri amene anthu amafuna kuwatchuna amakhala akungodwala matenda wamba.

Kusiyana kwina n'kololedwa. Kapepala kobwera ndi mamita a mtundu wa DT830 kawirikawiri kamanena kuti pa DC (magetsi onga a batire) mita ikhoza kuphonya ndi 0.5 peresenti, kuonjezapo 2 pa nambala yakumapeto. Pa renji ya 20V (chozungulitsira cha mita chikaloza pa 20V), batire la 12.60V likhoza kuoneka ngati 12.52V kapena 12.68V mita ili bwinobwino. Mamita awiri otere, ina itaphonyera kumwamba ina kumunsi, angasiyane ndi 0.16V popanda wolakwa. Anu asiyana ndi 0.5V, pafupifupi 4 peresenti, ndipo pa batire la asidi kumeneko n'kutali: likapuma maola angapo osatchajidwa komanso osagwiritsidwa ntchito, lodzadza limakhala cha pa 12.7V, pamene pa 12.2V latsala theka. Mita yonama ndi theka la volti ikhoza kukuuzani kuti batire ladzadza pamene likufa pang'onopang'ono. Kungoti yezaninso mamita onse awiri atagunda pa batire nthawi imodzi. Batire longochotsedwa kumene pa sola limatsika lokha mphindi ndi mphindi, ndiye woyeza mosinthanasinthana akhoza kunamizira mita yosalakwa.

Ngati kusiyanako kulipobe, ine ndingayambe kukayikira yachikasuyo, ndipo chifukwa chake si kutchipa kwake. M'kati mwa DT830 muli chip ya banja la ICL7106, imene kampani ya Intersil inatulutsa m'zaka za m'ma 1970. Masiku ano imabwera ngati kadontho kakuda komatidwa pa bolodi. Ntchito ya chip imeneyi ndi kuyerekeza basi. Imatenga magetsi amene alowa n'kuwalinganiza ndi muyezo wake wa m'kati wa 100mV. Mukaika pa 20V, ma resistor amachepetsa 12.4V ka 100 kuti ikhale 124mV, chip n'kugawa 124 ndi 100, galasi n'kulemba 12.40. Tsono tiyerekeze kuti muyezo wa m'katiwo watsika kufika pa 96mV. Chip igawa 124 ndi 96, ndipo galasi lilemba 12.92. Ndi manambala anu aja amenewo. Muyezowo umadalira batire la 9V la mitayo, ndipo likafooka kutsika pansi pa 7V sungathenso kukhazikika. N'chifukwa chake mita ya mtundu uwu batire lake likamatha imakweza manambala m'malo mowatsitsa, chinthu chimene chimasokoneza ambiri. Ikani batire latsopano la 9V muyezenso. Pa mamita a DT830 amene amabwera kwa ine akuwerenga mokweza, ambiri nkhani yawo imathera pomwepa.

Zingwe zoyezera ziyeseni pa renji ya ma ohm ya 200Ω, nsonga zitagundana. Zabwino zimaonetsa pakati pa 0.2Ω ndi 0.5Ω ndipo nambalayo siivinavina mukamagwedeza chingwe pafupi ndi chogwirira. Chingwe chothothoka m'kati chimaononga muyezo wa ma resistor ang'onoang'ono ndi wa ma amp, koma pa mavolti sichingabweretse 0.5V yokhazikika chonchi, choncho musataye nthawi yambiri pamenepo.

Pofunika kukhalitsa ndi pa switch yozungulira yosankhira marenji. Kuno kunsi kwa phiri chinyezi sichisowa: mvula kuyambira Novembala mpaka Epulo, kenako chiperoni cha m'nyengo yozizira. Fumbi la m'chilimwe likalowa m'mita n'kudzakumana ndi chinyezi chimenecho, limasanduka kanjira kobisika ka magetsi pakati pa mizere ya pa bolodi. Pa wailesi kanjira kotere sikachita kanthu. Pa mita, m'mene ma resistor ochepetsa magetsi onse pamodzi amakwana 1MΩ, kanjira ka 20MΩ ndi kokwanira kusuntha nambala ndi maperesenti angapo, kumwamba kapena kumunsi kutengera pamene kadutsa. Chizindikiro chake n'chakuti mita imawerenga mosiyana kukawala dzuwa ndi kukagwa mvula. Tsegulirani mitayo m'mbale yaikulu, chifukwa pansi pa chozungulitsira pali timipira tiwiri tachitsulo ndi timasipuling'i take, ndipo tikagwa pansi simutipezanso. Jambulani ndi foni m'mene timapepala tamkuwa takhalira musanatichotse. Pukutani mizere ya pa bolodi ndi thonje lonyowetsa mu isopropyl alcohol. Sipiriti wapepo wa m'magolosale amasiya utoto, ndipo sandipepa ndiye musayerekeze, chifukwa mizereyo ili ndi kachikuto kopyapyala kamene kakachoka dzimbiri limalowa msanga. Yang'anani ngati batire lakale silinadonthe pafupi, dikirani bolodi iume ndithu, kenako bwezerani. Posunga, kachidebe kapulasitiki kotseka bwino ndi timatumba ta silica gel topezeka m'mabokosi a nsapato timathandiza kwambiri.

Mukatha apo, funsani mita yokhayo kuti ikugwirizana ndi iyo yomwe kapena ayi. Tengani batire la tochi muliyeze pa 2000mV ndi pa 20V; ngati loyamba lati 1562, lachiwiri liyenera kuti 1.56. Tengani la 9V muliyeze pa 20V ndi pa 200V. Marenji onse akagwirizana okhaokha, koma onse n'kusiyana ndi mita inayo ndi peresenti yofanana, ndiye kuti vuto lili pa muyezo wa 100mV uja wa mita imodzi mwa awiriwo, ndipo kasikulu kanu ndi kamene kamauwongola. Koma marenji akasiyana okhaokha, ina ikukweza ina ili bwino, pali resistor imene inapsa kapena kusintha mphamvu. Zimenezi zimachitika kawirikawiri munthu akagunditsa mita pa magetsi amoyo ataiwala kuti ili pa ma ohm. Apa kupotoza kasikulu n'kuononga: kamasuntha marenji onse a mavolti ndi a ma amp pamodzi, ndiye mukawongola yodwalayo mwapotoza zonse zimene zinali bwino. Resistor yopsayo muifune ndi maso komanso ndi mita inayo, muichotse, muike ina yofanana nayo ya 0.5 peresenti kapena yolondola kuposa apo. Dziwaninso kuti kasikuluko sikakhudza ma ohm. Pa ma ohm chip imayerekeza resistor yanu ndi ma resistor a m'kati mwachindunji, choncho mita yonama pa ma ohm siichiritsidwa ndi sikuludiraiva.

Tsopano za mwala wa kilo uja. Lamulo limene anthu a ntchito ya miyezo amatsatira n'lakuti chinthu choyesera mita chizikhala cholondola kuposa mitayo kanayi. Pa mita ya 0.5 peresenti mukufunika chinthu cha pafupifupi 0.1 peresenti. Lamulo limeneli lokha likuchotsa zinthu zambiri zimene amisiri amadalira. Batire latsopano lolembedwa 1.5V limatuluka m'paketi lili cha pa 1.6V, ndipo lililonse lili ndi nambala yake. Tchaja ya foni yolembedwa 5V imaloledwa kukhala paliponse pakati pa 4.75V ndi 5.25V. Magetsi a pa soketi dzina lake ndi 230V pa 50Hz, koma amakwera ndi kutsika kutengera nthawi ndi kuchuluka kwa amene ayatsa zophikira m'dera lanu. Mita ya singano imene okonza mawailesi akale amaikonda ndi yabwino poona capacitor ikutchaja kapena magetsi ovinavina, koma siingakhale woweruza pa mlanduwu: zambiri zimaphonya ndi 3 peresenti ya renji yonse, ndipo batire la 12V mumaliyeza pa 50V, kutanthauza kuti 1.5V yathunthu ikhoza kusowa.

Chotchipa kwambiri mwina muli nacho kale m'katoni ya zinthu zakufa. M'ma power supply a kompyuta ndi m'matchaja ambiri muli kachinthu ka miyendo itatu kooneka ngati transistor, kolembedwa TL431. Kamapereka 2.495V. Ka thupi lakuda la miyendo yaitali, mwendo wapakati umapita ku negative ya batire la 9V. Miyendo iwiri yam'mbali mumailumikiza pamodzi n'kuipititsa ku positive kudzera pa resistor ya 1kΩ. Pakati pa miyendo yolumikizidwayo ndi wapakati ndi pamene mumayeza. Vuto lake n'lakuti TL431 wamba imaloledwa kuphonya ndi 2 peresenti, ya chilembo A ndi 1 peresenti, ya B ndi 0.5 peresenti. Payokha ingangokuuzani kuti mwa mamita anu wabodza wa 4 peresenti ndi uti, zimene kwa inu n'zothandiza kale, koma siikwanira kuti mutchunire mita.

Ubwino wake uli pena: nambala imene yatuluka nayo, kaya ndi 2.481V kaya 2.507V, siisinthasintha. Ndiye iwotcherereni bwino pa kabolodi, muiike m'kabokosi, mupite nayo kwa munthu amene ali ndi mita yodalirika, ayeze, mulembe nambalayo pa kabokosiko pamodzi ndi tsiku. Kuyambira pamenepo kabokosi kanu kanyamula kulondola kwa mita ya mnzanuyo n'kukubweretsani nako ku Chinamwali. Mita ngati Fluke 87V imalonjeza 0.05 peresenti pa DC, ndipo mamita a pa tebulo a m'ma laboratory amaposa apo. Ife a ku Zomba tili ndi mwayi woti University of Malawi ili pakhomo ndipo kumaphunzitsidwa physics ndi electronics. Kupempha mwaulemu kwa munthu amene mukumudziwa kumeneko si chinthu chochititsa manyazi. Mufunse kuti mita yawoyo inayesedwa liti, chifukwa dzina lalikulu lokha silikwanira. Mita yabwino imadalira ina yoiposa, inayo imadalira ina, mpaka kufika ku ma laboratory a mayiko amene amayerekeza miyezo yawo kudzera ku bungwe la BIPM la ku Sèvres, pafupi ndi Paris. Kuno kwathu oona za miyezo ndi a Malawi Bureau of Standards, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1972 ndipo likulu lake lili ku Blantyre. Tsiku limene ntchito yanu idzafune chikalata, kofunsira ndi kumeneko.

Ngati alamu anu akubweranso, atumeni LM4040 (imagwira ntchito ngati TL431) ya chilembo A, ya 10V, imene imalondola mpaka 0.1 peresenti isanayesedwe ndi aliyense. Mabatire awiri a 9V olumikizidwa motsatana ndi resistor ya 4.7kΩ akukwanira kuiyendetsa. Ya 10V ndimaikonda kuposa ya 2.5V pa chifukwa ichi: DT830 imawerenga mpaka 1999 basi, choncho 2.495V mumakakamizika kuiyeza pa 20V, pamene galasi limangolemba 2.49 kapena 2.50, ndipo nambala imodzi yakumapeto ndi 0.4 peresenti kale. Pa 10.00V nambala yomweyo ndi 0.1 peresenti, komanso muli pafupi ndi 12V imene mumayeza tsiku lililonse. Pa intaneti pamagulitsidwanso timabolodi ta AD584 topereka 2.5V, 5V, 7.5V ndi 10V. Chip yeniyeni ya kampani ya Analog Devices ya chilembo K imaphonya ndi 10mV yokha pa 10V. Manambala olembedwa pa kapepala ndi wogulitsa amene simukumudziwa, ine ndimawatenga ngati mphekesera mpaka nditayeza ndekha pa mita yodziwika.

Atumeninso ma resistor a 0.1 peresenti a 100Ω, 1kΩ, 10kΩ ndi 100kΩ. Mzere wake wa utoto womaliza kapena woyandikana nawo umakhala wapepo. Poyeza akuluakuluwo musagwire nsonga zonse ziwiri ndi zala, thupi lanu limalowa nawo m'muyezo.

Pali msampha wina umene ungakupangitseni kuda mita yosalakwa. DT830 imakhala ngati resistor ya 1MΩ pa chinthu chimene mukuyeza, pamene mamita abwinoko amakhala 10MΩ. Mukagawa 10V pakati ndi ma resistor awiri a 100kΩ, masamu akuti 5.00V, koma yachikasu ionetsa 4.76V ndipo ya 10MΩ ionetsa cha pa 4.98V. Onse anena zoona. Mita yomweyo ndiyo yakoka magetsi. Pa batire la sola izi sizichitika, koma m'kati mwa wailesi mudzakumana nazo.

Zonsezi zikatheka, ndipo 10.00V yanu yodziwika ikuoneka ngati 10.25V pa mita yoyera ya batire latsopano, nthawi ya kasikulu yakwana. Chitani m'mawa. Malonjezo a pa kapepala ka mita amagwira ntchito pakati pa madigiri 18 ndi 28, ndipo masana a Okutobala pansi pa malata mwadutsa kale pamenepo. Yatsani mita ndi kabokosi kanu zikhale mphindi zingapo. Lembani kachizindikiro pamene kasikulu kali kuti mudzathe kubwerera. Gwiritsani ntchito sikuludiraiva ya pulasitiki kapena kamtengo kosongoka, mupotoze pang'ono zedi, chifukwa kusuntha kosaoneka ndi maso kumasintha manambala angapo. Mita yotsegula isagunde magetsi a pa soketi ngakhale pang'ono. Tsekani chikuto muyezenso, mutembenuze zingwe muone ngati -10.00 ikufanana ndi 10.00, kenako kadontho ka penti wa zikhadabo m'mbali mwa kasikuluko kuti kasayende. Koma ikakhala kuti ikuonetsa 10.03V, ine sindingapotoze n'komwe. Ndingangomata kapepala kumsana kwa mita: tsiku lakuti, pa 10.00V inati 10.03V. Patapita miyezi isanu ndi umodzi mudzayezanso n'kulemba pansi pake, ndipo manambala amenewo ndi amene adzakuuzeni ngati mita ikukalamba msanga kapena yakhazikika.

Ya ku Johannesburg mudzaiyese ndi kabokosi komweko. Ikapezeka kuti ndiyo yonama, musafulumire. Mamita ena akale ali ndi tisikulu tingapo, kena ka DC, kena ka AC (magetsi onga a pa soketi), ndipo timatchunidwa motsatira ndondomeko ya m'buku la wopanga. Atsopano ambiri alibiretu kasikulu. Manambala owongolera amasungidwa mu memory ya m'kati. Oterewa kapepala kakumsana kaja ndiye mankhwala ake.

Popeza mwatsegula kale mita, yang'anani fyuzi. Ndimapeza mamita ambiri atamangidwa kawaya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya m'malo mwa fyuzi ya 200mA, ndipo chizolowezi chimenechi ndimadana nacho. Pa DT830 zambiri dzenje la 10A lilibe fyuzi n'komwe. Kuseri kwake kuli waya wonenepa wa pafupifupi 0.01Ω basi. Mukaiwala chingwe chofiira m'dzenje limenelo n'kukagunda pa batire la sola, mwalumikiza positive ndi negative mwachindunji, ndipo batire la asidi limatha kutulutsa ma amp mazanamazana. Zingwe zimasungunuka m'manja. Mamita okwera mtengo amaika ma fyuzi adothi odzadza mchenga, monga a 11A 1000V a mu Fluke, kuti moto uzimire m'kati. Yachikasuyo isungireni mabatire, mawailesi ndi matchaja. Pa bokosi lolowera magetsi m'nyumba pamafunika mita ya CAT III yeniyeni (yopangidwira magetsi a malo oterowo) ndi zingwe zake.

Za inveta, onani kaye cholembedwa pa thupi lake. Ngati palembedwa modified sine wave, mwina ilibe vuto lililonse, ndipo mamita anu nawonso sakufunika kutchunidwa pa AC. Mamita wamba sayeza mphamvu yeniyeni ya AC. Amatenga avereji ya funde n'kuichulukitsa ndi 1.11, nambala imene imalondola pokhapokha funde likakhala losalala ngati la pa soketi. Inveta yotchipa imatulutsa magetsi odumpha: imakwera cha pa 325V, n'kupuma pa 0, n'kutsika mbali inayo, ndipo theka la nthawi imakhala ikupuma. Mphamvu yeniyeni ya funde lotere ndi 230V, koma avereji yake ndi 162V, ndipo 162 kuchulukitsa ndi 1.11 ndi 180. N'chifukwa chake mamita anu otsutsana aja agwirizana pamenepa. Kuti mutsimikize, bwerekani mita yolembedwa True RMS. Iyenera kuonetsa pafupi ndi 230V. Koma ngati invetayo inagulitsidwa kwa inu ngati pure sine wave n'kumaonetsa 180V, pali ziwiri: batire kapena mawaya ake akulephera kuidyetsa, kapena cholembedwacho n'chabodza. Yezani mavolti pa zomangira za 12V za inveta yomweyo iyo ikuyaka ndi katundu. Zikatsika pansi pa 11V pamene pa batire pali 12V ndi kanthu, mawayawo ndi owonda kapena atalika kwambiri.